Sikelo Ikamakana Kutsika

Mwa makalata amene afika patsamba lino mwezi uno muli kalata ina yochokera ku Nkolokosa, mumzinda wa Blantyre, imene ndaona kuti ndiiyankhe poyera, pakuti chimene chikuwasautsa eni kalatayo chikusautsanso ambiri amene sadalembe. Dzina lawo ndalisunga monga momwe adapemphera.

Mayiwa ali ndi ana anayi. Adapita kuchipatala chifukwa cha mutu wosamva mankhwala, ndipo atawayeza adawauza kuti magazi awo akuthamanga, motero achepetseko thupi. Tsiku limenelo sikelo idati makilogalamu 84. Mwana wawo wachisamba adawaikira m'foni pulogalamu yowerengera makalori, ndipo kuyambira pomwepo chilichonse chimene adya amachilemba. Mwezi woyamba adatsika ndi makilogalamu 3, mtima n'kukhala m'malo. Koma miyezi iwiri yotsatirayo atsika ndi kilogalamu imodzi yokha, ndipo masabata atatu apitawa sikelo yangoti nji pa 80, osasuntha. Tsono akufunsa ngati n'koyenera kuti asiyiretu nsima, kapena agule tiyi wochepetsa thupi amene anzawo akumutama, kapena angozileka zonse, poti zikuoneka kuti thupi lawo ndi lamakani.

Mayi, zitatu zonsezo ayi. Makilogalamu 4 pa miyezi itatu si kulephera, ndipo thupi lanu silikuchita makani. Likuchita chimene thupi la munthu aliyense limachita. Chimene chakunamizani ndi masamu amene mudalonjezedwa poyamba paja.

Tiyambe tamvana za mawu akuti kalori, popeza agogo athu sadawadziwe, ndipo ena akuwamva lero. Kalori ndi muyeso wa mphamvu imene chakudya chimapereka m'thupi, monga momwe lita ili muyeso wa palafini. Thupi lili ngati mbaula yosazima. Usana ndi usiku likuotcha chakudya kuti mtima ugunde, mapapo apume ndi kuti munthu afunde, ngakhale ali m'tulo. Chimene silidaotche limachisunga ngati mafuta, monga ife tisungira chimanga m'nkhokwe. Mmodzi mwa akatswiri amene adayala maziko a miyeso imeneyi anali Wilbur Atwater wa ku America, m'zaka za m'ma 1890, ndipo mpaka lero tikutsata zimene iye adapeza: galamu imodzi ya shuga imapereka makalori 4, pamene galamu imodzi ya mafuta imapereka 9. Mayi wamkulu amafuna makalori pafupifupi 2,000 patsiku, ndipo wolima ndi khasu, wosinja ndi wotunga madzi kutali amafuna oposa pamenepo.

M'chaka cha 1958 dokotala wina wa ku America, dzina lake Max Wishnofsky, adawerengera kuti kutaya paundi imodzi ya thupi kumalira makalori 3,500, ndiye kuti pafupifupi 7,700 pa kilogalamu. Masamuwa adakoma m'makutu, ndipo adalowa m'mabuku ambiri a zaumoyo. Malinga ndi masamu amenewa, mayi akachotsa makalori 300 pa chakudya chake cha tsiku ndi tsiku, ayenera kutsika ndi kilogalamu imodzi pa masiku 26 alionse, makilogalamu 14 pachaka, chaka ndi chaka osalekeza. Taonani nokha kumene masamuwo akuthera: mayi wathu wa makilogalamu 84 uja akadatha yense psiti pa zaka 6, bambo n'kutsala ndi chitenje chokha pamphasa! Palibe adaonapo zotere.

Cholakwika chake adachifotokoza bwino Kevin Hall ndi anzake a ku National Institutes of Health, m'magazini ya madokotala ya The Lancet m'chaka cha 2011. Thupi likamachepa, limachepetsanso chakudya chimene limaotcha. Mbali ina ya nkhaniyi ndi yapafupi kuimvetsa. Aliyense amene adakwerapo chitunda atasenza thumba la ufa kuchokera kuchigayo akudziwa kuti kukwera ndi katundu kumadya mphamvu kuposa kukwera chimanjamanja. Mayi amene wataya makilogalamu 4 watula mapaketi anayi a shuga amene ankayenda nawo, kugona nawo ndi kudzuka nawo, ndipo thupi lake silikufunanso mphamvu yonyamulira katunduyo. Mbali inayo ndi yakuti thupi silidziwa kuti mwini wake akuchita dala. Ilo likaona chakudya chikuchepa limayesa kuti kwagwa njala, tsono limayamba kusinira monga achitira mayi wanzeru mwezi wa February nkhokwe ikapepuka, ndipo limaonjezera chilakolako cha chakudya kuti mwini wake akasake. Nzeru imeneyi ndiyo idapulumutsa makolo athu pa njala ya 1949, imene idasautsa kwambiri dera lomwe lino la Blantyre. Sitingaitukwane lero chifukwa chakuti yatitsekereza kulowa m'diresi la chaka chatha.

Akatswiriwo adapereka masamu ena oyandikira choonadi. Kwa munthu wamkulu wonenepa, makalori 24 alionse amene wachotsa pa chakudya cha tsiku ndi tsiku, n'kupitiriza osabwerera, adzamuchotsera kilogalamu imodzi pamapeto pake. Koma theka la kutsikako limatenga chaka chathunthu, ndipo kuti kufike pafupi ndi mapeto pamapita zaka zitatu. Motero mayi wochotsa makalori 300 uja adzatsika ndi makilogalamu 12 kapena kuposerapo pang'ono, koma chaka choyamba ayembekezere 6 okha, ambiri mwa iwo m'miyezi yoyambirira, otsalawo mwakachetechete. Ndiye inu mayi a ku Nkolokosa, amene mwataya 4 pa miyezi itatu, muli patsogolo pa masamuwo. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Nanga makilogalamu 3 a mwezi woyamba aja adachoka bwanji msanga chotero? Kunena zoona, si onse amene anali mafuta. Thupi limasunga shuga wina m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo shuga ameneyo amasungidwa pamodzi ndi madzi olemera pafupifupi katatu kuposa iye mwini. Munthu akangochepetsa chakudya, thupi limayamba kudya shuga wosungidwayo, madzi aja n'kutuluka. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi ndendende, n'chifukwa chake sikelo imagwa mokondweretsa masabata oyamba. Madzi omwewo ndiwo amatipusitsanso mbali inayi. Mukadya ndiwo zamchere wambiri, thupi limagwira madzi. Masiku oyandikira kumwezi amayi ambiri amalemerako. Kudzimbidwa nakonso kumaoneka pasikelo. Pa zifukwa zimenezi munthu angathe kusiyana ndi kilogalamu imodzi kapena awiri pakati pa Lolemba ndi Lachitatu, popanda mafuta kuonjezeka kapena kuchepa. Tsono ngati mafuta akuchoka theka la kilogalamu pamwezi, pamene madzi akukwera ndi kutsika ndi kilogalamu yathunthu pa masiku awiri, mungaone bwanji kusinthako poyeza m'mawa uliwonse? Kuli ngati kufuna kumva kulira kwa kamwanapiye pakati pa chigayo.

Chodabwitsa n'chakuti nzeru yoyezera bwino ife amayi tili nayo kale. Ndani mwa ife sadabereke mwana kupita naye kusikelo? Kumeneko mwana samuyeza tsiku lililonse. Amamuyeza kamodzi pamwezi, namwino n'kuika kadontho pakhadi, ndipo chimene amayang'ana ndi mzere umene timadonthoto tikupanga pa miyezi ingapo. Kadontho kamodzi kakatsika chifukwa mwana adatsegula m'mimba sabata latha, namwino sakuuzani kuti mwalephera kulera. Dzichitireni chimodzimodzi. Yezani kamodzi pasabata ngati muli ndi sikelo panyumba, kapena kamodzi pamwezi ngati mulibe, m'mawa musanadye, pasikelo yomweyomweyo, mutavala zofanana. Lembani m'kope, ndipo muziweruza pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Masikelo a m'mbali mwa msewu aja, amene anyamata amalipiritsa m'tauni, aliyense ali ndi chilankhulo chake. Kuyeza lero ku Limbe, mawa ku Blantyre, mkuja kuchipatala, ndiko kudzigulira matenda a mtima ndi ndalama zanu zomwe.

Komabe pali nthawi zina pamene sikelo yaimadi zenizeni, mwezi ndi mwezi, ndipo apa m'pofunika kuyang'ana m'kope la makalori lija ndi diso lankhanza pang'ono. M'chaka cha 1992 madokotala a ku New York, motsogozedwa ndi Steven Lichtman, adafufuza anthu amene ankadandaula kuti sakuonda ngakhale akudya makalori osapitirira 1,200 patsiku. Atawayeza ndi zipangizo zosanama, adapeza kuti matupi awo ankaotcha chakudya bwinobwino monga a anthu ena onse. Vuto linali lakuti pafupifupi theka la chakudya chimene ankadya silinkalembedwa, ndipo ntchito zolimbitsa thupi zimene ankati achita ankazikuza ndi theka. Anthuwo sankanama dala. Diso la munthu ndi lotero: limachepetsa zimene zili m'mbale mwake.

Kwa ife kuno vutoli ndi lalikulu koposa, chifukwa mapulogalamu ambiri a m'foni adapangidwira anthu odya zakudya za m'mapaketi, zolembedwa kale miyeso yake. Foni siidziwa kukula kwa chipande chanu. Mtanda wa nsima wa kwa inu ndi wa kwa aneba anu ungathe kusiyana kawiri, onse n'kulembedwa kuti mtanda umodzi. Dziko lathu lili nalo buku la miyeso ya zakudya zathu, Malawian Food Composition Table, limene lidatuluka m'chaka cha 2019 ndipo akatswiri a sukulu ya ukachenjede ya LUANAR adagwira nawo ntchito yake, koma ndi amayi angati ali nalo kukhitchini? Njira yapafupi ndi kuwerengera kuchokera ku ufa. Magalamu 100 a ufa wa chimanga ali ndi makalori pafupifupi 360. Ngati mphika wa banja lonse walowa kilogalamu imodzi ya ufa, muli makalori 3,600, ndipo ngati mwaomola mitanda 12, uliwonse uli ndi 300. Chitani zimenezi kamodzi kokha, mudziwe mtanda wa chipande chanu, basi.

Koma mbala yaikulu m'khitchini mwathu ndi botolo la mafuta ophikira. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo ndani wa ife amayeza ndi supuni? Timangopendeketsa botolo mpaka maso akhutire, anyezi ndi tomato n'kumasambira. Lita imodzi ili ndi makalori oposa 8,000. Tiyerekeze banja la anthu asanu limene limatha lita pa masiku khumi: aliyense akumwa makalori oposa 160 patsiku amene sadawaone ndipo sadawalembe. Mutachepetsa mafutawo ndi theka, poyeza ndi supuni m'malo mopendeketsa botolo, palibe amene angagone ndi njala, ndipo ndi mmene mafuta akwerera mtengo masiku ano, bambo sangadandaule. Ine ndimaona kuti mayi amene watopa ndi kulemba chilichonse angathe kusiya kulemba zina zonse, n'kumangoyang'anira botolo limeneli ndi paketi ya shuga, ndipo apindula kuposa amene amawerenga masamba a mpiru.

Za shuga nazo n'zofanana. Supuni yaing'ono yosadzaza mpaka pamwamba ili ndi makalori 16, koma masupuni athu a tiyi timawaunjika ngati chulu. Atatu m'kapu, makapu awiri patsiku, mwadutsa kale makalori 100. Botolo la chakumwa chozizira la mamililita 300 lili ndi shuga wokwana masupuni aang'ono asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu, makalori pafupifupi 125, ndipo silikhutitsa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti shuga woonjezera asapitirire masupuni aang'ono 12 patsiku, ndipo likuti ndi bwino koposa akakhala 6. Thobwa lotsekemera, Sobo wa ana amene timamwako, mandasi ndi zitumbuwa za kubanki m'khonde, tchipisi cha pachiwaya podikira minibasi, zonsezi zimalowa m'thupi koma kawirikawiri sizilowa m'kope. Onjezani kulawa ndiwo kanayi zisanapse, nkhoko za mumphika, ndi mkute wa mwana umene timamaliza chifukwa kutaya chakudya kumatiwawa mtima. Nsinjiro ndi mapeyala ndi zakudya zabwino zedi, ndipo sindikuti muzisiye, koma dziwani kuti magalamu 100 a mtedza ali ndi makalori oposa 550. Nkhwani wotendera ndi wokazingiranso mafuta ndiye kuti wavala malaya awiri.

Kuyenda pansi ndi kwabwino, ndipo ku Nkolokosa, m'munsi mwa phiri la Soche, zitunda sizisowa. Wotsika minibasi ku Chitawira n'kumaliza ulendo wapansi, kapena wopita wapansi kumsika wa Zingwangwa m'malo mokwera kabaza, akuthandiza mtima wake, magazi ake ndi tulo take. Koma musakulipire kuyendako ndi chakudya. Mayi wa makilogalamu 80 akayenda mwandawala kwa theka la ola amaotcha makalori pafupifupi 150, amene botolo limodzi la chakumwa ndi ndasi limodzi zimawabweza ndi chiongoladzanja chomwe.

Tsopano funso limene ndikufuna kuti mayi aliyense wokhumudwa ndi sikelo adzifunse ndi ili: kodi adokotala adandituma makilogalamu angati? Ambiri timadziikira tokha malire akuti tibwerere ku thupi la pa tsiku la ukwati, zaka makumi awiri ndi ana anayi zitapitapo. Achipatala safuna zimenezo. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa Diabetes Prevention Program, amene zotsatira zake zidatuluka m'chaka cha 2002, adatsata anthu oposa 3,000 amene anali pafupi kudwala matenda a shuga. Ena mwa iwo adapemphedwa zinthu ziwiri zokha: kuchepetsa thupi ndi magawo 7 pa 100 alionse, ndi kuyenda kapena kugwira ntchito yolimbitsa thupi kwa mphindi 150 pasabata. Pakati pa amenewa, chiopsezo chodwala shuga chidatsika ndi magawo 58 pa 100, kuposa amene adapatsidwa mapiritsi. Kwa mayi wa makilogalamu 84, magawo 7 pa 100 ndi makilogalamu 6 osakwana n'komwe. Mayi athu a kalata aja atsala ndi awiri okha kuti afike pamenepo, koma akulemba ngati munthu amene walephera mayeso. Kuthamanga kwa magazi nakonso kumayamba kumvera munthu akangotaya makilogalamu ochepa, ngakhale diresi lisanayambe kukhwepa. Motero pobwerera kuchipatala, funsani nambala ya magazi anu ndi ya shuga, muzilembe m'kope lomwe lija pambali pa nambala ya sikelo. Mwina mupeza kuti zimene zidakupititsani kuchipatala zayamba kale kusintha. Mankhwala a magazi amene adakupatsani musasiye mwa inu nokha.

Nkhaniyi si ya amayi owerengeka. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti amayi 21 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 m'dziko muno anali onenepa kupitirira muyeso, pamene m'chaka cha 1992 anali pafupifupi 10 pa 100. M'matauni anali oposa mmodzi mwa atatu alionse. Kafukufuku wina amene adachitika ku Area 25 ku Lilongwe ndi m'midzi ya ku Karonga, ndipo adasindikizidwa mu 2018, adapeza amayi 44 pa 100 m'tauni ndi 27 pa 100 kumudzi. Taonani, a kumudzi, kuti si matenda a m'tauni okha. Ndipo kale m'chaka cha 2009, kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi WHO adaonetsa kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ambiri osadziwa.

Chimene manambala sanena ndi pakamwa pa anthu. Kwathu kuno mawu akuti mwanenepa ndi moni wachikondi, ndipo mayi wathupi ndiye umboni wakuti bambo akusamala. Mayi akayamba kuchepa, apongozi amafunsa ngati kunyumbako kuli mtendere, ndipo anzake pampopi amayamba kunong'onezana. Tonse tikukumbukira zaka zimene mawu akuti kaliwondewonde ankatha mabanja, ndipo mantha amenewo sadatheretu m'mitima. Apa kutsika pang'onopang'ono kuli ndi ubwino wake umene sitiuganizira: theka la kilogalamu pamwezi silipatsa anthu nkhani. Bambo okha auzeni zoona zake, kuti ndi achipatala adalamula ndiponso chifukwa chake, pakuti iwo ndiwo amabwera ndi botolo la chakumwa madzulo poyesa kukusangalatsani. Ndipo mukapita kwa apongozi kapena kuchinkhoswe, musakane chakudya, si ulemu. Sambani m'manja, idyani mtanda umodzi ndi ndiwo zokwanira, yamikani ophika. Tsiku limodzi la phwando silingagwetse ntchito ya miyezi itatu. Chimene chimagwetsa ndi kunena kuti poti dzulo ndidaphonya, basi zonse zatha.

Za kusiyiratu nsima, ndikuti musatero. Mayi amene wasiya nsima amapirira masabata awiri, lachitatu n'kugwera m'mandasi ndi buledi wopaka majarini, zimene zili ndi makalori ochuluka koposa. Komanso kuphika miphika iwiri m'nyumba imodzi, wina wa banja wina wa mayi, ndi mtengo wa makala uli apawu, sikungapitirire. Chepetsani mtanda, kapena pa iwiri idyani umodzi ndi theka, ndipo malo otsalawo m'mbale adzaze bonongwe, chisoso, khwanya, kholowa, therere, nyemba, nandolo, usipa kapena dzira. Mgaiwa susiyana kwenikweni ndi ufa woyera pa makalori, koma uli ndi gaga amene amachedwetsa njala, ndipo m'pamene pali phindu lake. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa aja sasintha chifukwa munthu akuchepetsa thupi. Kumbukiraninso kuti kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 yemwe uja adapeza kuti mayi mmodzi mwa atatu alionse anali wochepa magazi. Munthu angathe kukhala wonenepa ndi wochepa magazi nthawi imodzi, ndipo akadzimana ndiwo amayamba chizungulire ndi kufooka, ntchito n'kumulaka. Mayi woyembekezera asayese n'komwe kuchepetsa thupi, ndipo woyamwitsa, amene thupi lake limafuna makalori ena pafupifupi 500 patsiku, ayambe wafunsa kuchipatala.

Tiyi wochepetsa thupi ndi mankhwala ena otsatsidwa pa WhatsApp ndi pa Facebook, ambiri mwa iwo amagwira ntchito potsegula m'mimba kapena pokodzetsa. Sikelo imatsikadi, koma chatuluka ndi madzi, ndipo mawa abwerera. Ena ndi oopsa kuposa pamenepo. Mankhwala otchedwa sibutramine adaletsedwa ku Ulaya ndi ku America m'chaka cha 2010 ataoneka kuti amaonjezera chiopsezo cha matenda a mtima ndi kufa ziwalo, koma akhala akupezeka atabisidwa m'tiyi ndi m'makapisozi ogulitsidwa ngati azitsamba. Kwa mayi amene magazi ake akuthamanga kale, kumeneko ndi kusewera ndi moto padenga laudzu. Mwina mwamvanso za jakisoni wamakono wa semaglutide amene watchuka kunja. Ameneyo ndi mankhwala enieni olembedwa ndi dokotala, okwera mtengo zedi, ndipo pa kafukufuku amene adasindikizidwa mu 2021 anthu adatsika ndi magawo pafupifupi 15 pa 100. Koma adatenga masabata 68, chaka ndi miyezi inayi, ndipo amene adasiya kubayitsa adabwezeretsa gawo lalikulu la thupi lija chaka chisanathe. Ngakhale kwa anthu a ndalama njira yachidule palibe.

Pali amayi ena amene awerenga bwino, ayeza mafuta, achepetsa shuga, koma thupi likukwerabe. Amenewa apite kuchipatala atatenga mankhwala onse amene akumwa. Jakisoni wolera wa miyezi itatu amanenepetsa amayi ena. Mankhwala otalikitsa moyo okhala ndi dolutegravir, amene dziko lathu lidayamba kupereka kwa anthu ambiri m'chaka cha 2019, aoneka kuti amaonjezera thupi, makamaka kwa amayi, monga kafukufuku wa ku Johannesburg adaonetsera chaka chomwecho. Chonde, chonde, musasiye mankhwala amenewa chifukwa cha sikelo. Akusungirani moyo. Kambiranani ndi adokotala basi. Chithokomiro chikafooka chimachititsanso thupi kulemera, pamodzi ndi kutopa ndi kumva kuzizira, ndipo chimayezedwa ndi magazi. Zaka zosiya kusamba zikafika, mafuta amakonda kusonkhana pamimba ngakhale kadyedwe kasanasinthe. Ndipo mbali inayi, mayi amene akuonda msanga asakufuna, ali ndi ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi, kapena akutsokomola ndi kutuluka thukuta usiku, asasangalale kuti zayenda. Athamangire kuchipatala chaching'ono cha Zingwangwa kapena chilichonse chimene ali nacho pafupi, ndipo kumeneko akaona kuti n'kofunika adzamutumiza ku Queen Elizabeth Central Hospital.

Kwa inu a kumudzi amene sikelo mumaiona pokhapokha mukapita ndi mwana, muyeso wina ulipo umene sulira ndalama, ndipo madokotala amaukhulupirira chifukwa mafuta a pamimba ndiwo oopsa koposa a m'ntchafu ndi m'mikono. Bwerekani tepi kwa atelala, muime chilili, mupume mpweya kunja osakoka mimba, muyeze m'chiuno pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la chiuno. Kwa mayi, masentimita opitirira 80 ndi chenjezo, ndipo opitirira 88 ndi chenjezo lalikulu. Tepi ikasowa, dulani chingwe cholingana ndi chiuno chanu lero, mumange mfundo pamene chakumana, muchisunge m'sutikesi, n'kudzachiyesanso pakatha miyezi iwiri. Kawirikawiri chingwe chimakhwepa pamene sikelo idakali chiimire.

Sabata lamawa tidzakambirana za kaphikidwe ka ndiwo zamasamba ndi supuni imodzi ya mafuta kuti ana asazinyanyale, ndipo amene muli ndi luso lanu pa nkhani imeneyi tilembereni msanga.